Chingerezi chanu chikungobwerera ndi inki yofiira: kupeza gwero la zolakwa ndi kuzikonza

Kaya ndi kalata yofunsira ntchito, lipoti la ku ofesi kapena chimangirizo cha mayeso a MSCE, zolakwa za Chingerezi zimene olankhula Chichewa timachita n'zomwezomwezo, zimangosintha malaya. Aphunzitsi akonza lero, mawa zatulukanso, chifukwa chimene akonza ndi chiganizo chimodzi pomwe muzu uli pansi. Wolemba amaumba chiganizo m'Chichewa m'mutu, kenako n'kuchiveka mawu a Chingerezi, nsanamira n'kukhalabe za Chichewa.

Musanapitirire, sonkhanitsani zolemba zanu zitatu kapena zinayi zimene wina anazichonga. Lembani cholakwa chilichonse pa pepala lina, zofanana muziike pamodzi. Mudzaona kuti mitundu ina ikubwerabwera kuposa inzake. Yambani ndi imeneyo, umodzi pa nthawi.

## Mneni sakugwirizana ndi mwininkhani

Zooneka: *She work at the bank. The results of the test shows a problem. The Minister are coming.*

Zoyambitsa, kuyambira chofala kwambiri:

1. Diso likuyang'ana kumayambiriro kwa mneni. Chichewa chimaika mgwirizano kutsogolo: ndi-kupita, a-kupita, chi-kupita. Chingerezi chimauika kumapeto, ndipo pa aneni ambiri chimatero pa malo amodzi okha: nthawi yatsopano, mwininkhani akakhala *he*, *she*, *it* kapena dzina la chinthu chimodzi. Komanso mawu a Chichewa amathera ndi lembo la liwu, choncho khutu silizolowera kumva *-s* wa pa *works* kapena *asks*.
2. Dzina lina lalowa pakati. Mu *The results of the test shows*, mneni watsata *test* chifukwa ndiye ali pafupi, koma mwininkhani ndi *results*. Phimbani ndi chala mawu onse oyambira pa *of*, *in* kapena *with* mpaka pa mneni, muwerenge zotsalazo: *The results show*.
3. Mayina onyenga maso. *People*, *police* ndi *cattle* alibe *-s* koma ndi ochuluka: *The police are here*. *News*, *mathematics* ndi *measles* ali ndi *-s* koma amatenga mneni wa chinthu chimodzi: *The news is good*. *Everyone*, *each* ndi *nobody* nawonso amayenda ndi *is* ndi *has*. Gwiraninso awiri awa: *A number of pupils are absent* koma *The number of pupils is falling*.
4. Ulemu wa Chichewa. Timati "a Nduna akubwera" ngakhale munthuyo ali mmodzi. Chingerezi sichilemekeza pochulukitsa. Nduna ndi *is*, agogo ndi *is*.
5. Kupitiriza muyeso. Amene wadzudzulidwa kambiri amayamba kumwaza *-s* paliponse: *Does she works? He can drives.* Pakakhala mneni wothandizira monga *does*, *can*, *will* kapena *must*, mneni wotsatira amakhala wosavala kanthu: *Does she work?*

Musakonze chimene sichinalakwike. Ku Britain amalemba *The committee are divided* ndi *The team are playing well* akamaganizira anthu a m'gululo, pomwe ku America amakonda *is*. Zonse n'zololedwa. Chofunika n'kusasinthasintha m'kalata imodzi.

## Mlowam'malo wochita kuonjeza

Zooneka: *My father he is a teacher. The book which I bought it is lost.*

Ichi chili ndi gwero limodzi. Mu "Bambo anga ndi odwala, akugona", kapena "Ana akusewera", mneni amanyamula kachizindikiro ka mwininkhani ngakhale dzina latchulidwa kale, ndiye wolemba amamva ngati chiganizo cha Chingerezi chaperewera popanda *he* kapena *they*. Chimodzimodzi "buku limene ndinaligula": ka -li- ka pakati kaja ndi kamene kamasanduka *it*.

Kukonza kwake: dzina likakhalapo, mlowam'malo achoke. Pambuyo pa *which*, *who*, *whom* kapena *that*, fufuzani ngati pali *it*, *him*, *her* kapena *them* woloza chinthu chomwecho, mumuchotse. *My father is a teacher. The book which I bought is lost.* Pocheza, ngakhale eni chiyankhulo amanena zinthu ngati *My brother, he never listens*, koma zimenezo sizilowa m'kalata ya ntchito.

## He ndi she akusinthana

"Iye" ndi mwamuna, ndi mkazinso. Amene amalakwitsa apa lamulo amalidziwa bwino, chimene chimawagwetsa ndi liwiro. Mukamaliza kulemba, fufuzani *he*, *she*, *his*, *her* ndi *him* mmodzimmodzi, pa kompyuta gwiritsani Ctrl ndi F, ndipo pa aliyense dzifunseni kuti akuimira yani. Msampha wina ndi wa *his* ndi *her*: amatsata mwini chinthu, satsata chinthucho. Mlongo wake wa John ndi *his sister*. M'Chichewa "wake", "chake", "lake" amasintha potsata chinthu, n'chifukwa chake dzanja limathamangira *her sister*. Ngati simukudziwa kuti munthuyo ndi mwamuna kapena mkazi, *they* amaloledwa: *Someone left their phone*.

## A, an ndi the akusowa kapena ali posayenera

Apa ndi pamene ambiri amakhalitsa, ndipo m'pomveka. *The* ndi liwu lopezeka kwambiri m'Chingerezi chonse. M'nkhokwe ya zolemba ya Brown Corpus, ya mawu pafupifupi miliyoni imodzi ochokera m'zosindikizidwa ku America mu 1961, liwuli limatenga pafupifupi mawu 7 pa 100 alionse. Chichewa chilibe timawu totere, choncho mpata wolakwitsa umapezeka pa mzere uliwonse.

Zoyambitsa:

1. Dzina lowerengeka la chinthu chimodzi lasiyidwa lokha. *She is nurse. I have meeting tomorrow.* Dzina lotere siliyenda lokha m'Chingerezi. Liyenera kutsogozedwa ndi *a*, *an*, *the*, *my*, *this* kapena liwu lina la mtundu umenewo. Lamulo limodzi lokhali limachotsa gawo lalikulu la inki yofiira.
2. Kusasiyanitsa a ndi the. Chichewa chomwe chingakuthandizeni. Nenani chiganizocho m'Chichewa. Ngati mungathe kunena "uja", "ija", "lija" kapena kumata -yo, -wo, -lo kumapeto, monga "kalata ija" kapena "kalatayo", ndiye kuti owerenga akuidziwa kale, lembani *the letter*. Ngati chikugwirizana ndi "ina yake" kapena "iliyonse", lembani *a letter*. Muyeso umenewu sugwira paliponse, koma umakutulutsani m'malo ambiri.
3. Dzina losawerengeka lachulukitsidwa. *Informations, advices, equipments, furnitures, luggages, evidences, feedbacks.* Ife timati malangizo, zipangizo, mipando, zonse zochuluka, ndipo dzanja limangoika *-s*. M'Chingerezi cha masiku onse mayinawa satenga *-s*, satenganso *a*. Mukafuna chimodzi nenani *a piece of advice* kapena *an item of furniture*. Wogwira ntchito mmodzi si *a staff*, ndi *a member of staff*.
4. The pa nkhani ya chinthu chonse. *The life is hard. The corruption destroys the development.* Mukamanena za moyo kapena katangale mwachisawawa, *the* safunika: *Life is hard*. Amabwera mukaloza gawo lodziwika: *the life of a fisherman*.
5. Kutsata chilembo m'malo motsata katchulidwe. *An* amayendera khutu. Ndi *an hour* ndi *an honest man* chifukwa h samveka, koma *a university* chifukwa liwulo limayamba ndi "yu". Zidule nazo chimodzimodzi: *an MP*, *an MSCE certificate*, poti M amatchulidwa "em", koma *a UN vehicle*.
6. Mayina a malo. Nyanja za pamtunda ndi mapiri oima paokha satenga *the*: *Lake Malawi*, *Mount Mulanje*. Mitsinje ndi nyanja zamchere zimatenga: *the Shire*, *the Zambezi*, *the Indian Ocean*. Maiko ambiri satenga, kupatula ngati *the United Kingdom*, *the United States* ndi *the Netherlands*.

Pali mayina ena amene amasintha tanthauzo akawerengedwa, ndipo amenewa ndiwo oopsa chifukwa chiganizo chimaoneka chabwinobwino. *Paper* ndi pepala ngati chipangizo, *a paper* ndi nyuzipepala kapena nkhani ya kafukufuku. *Experience* ndi luso lopeza pa ntchito, *experiences* ndi zimene munakumana nazo, choncho *I have five years' experiences* pa CV n'kulakwitsa. *Damage* ndi kuonongeka, pomwe *damages* ndi chipukutamisozi cholamulidwa ndi khoti. Wolemba lipoti la mvula yamkuntho akati *the damages were serious* wanena china chimene sanafune.

Mtanthauziramawu wa ophunzira Chingerezi, monga wa Oxford, Cambridge kapena Longman, amaika chilembo U pa dzina losawerengeka ndi C pa lowerengeka. Dzina likakhala ndi zonse ziwiri, werengani matanthauzo onse musanasankhe.

## Nthawi za aneni zasokonekera

Zoyambitsa:

1. Kale kawiri. *Did you went? I didn't saw him.* *Did* wanyamula kale nthawi yakale, mneni wotsatira abwerere pa tsinde: *Did you go? I didn't see him.*
2. Chinthu choyamba kale chimene chikupitirira. Timati "Ndili pano kuyambira m'mawa", mneni ali m'nthawi yatsopano, ndiye timalemba *I am here since morning*. Chingerezi chimafuna *have*: *I have been here since morning. I have worked here since 2019.* *Since* amatsatidwa ndi poyambira, monga chaka, tsiku kapena ola. *For* amatsatidwa ndi kutalika kwa nthawi: *for six years*. *Since six years* kulibe.
3. Have pamodzi ndi nthawi yotchulidwa. "Ndafika cha m'ma 8 koloko" ndi Chichewa chabwino, koma *I have arrived at 8 o'clock* si Chingerezi chabwino. Mukatchula nthawi imene yapita, monga *yesterday*, *last week*, *in 2020* kapena *two days ago*, gwiritsani nthawi yakale wamba: *I arrived at 8 o'clock.*
4. -ing pa aneni osonyeza mmene zinthu zilili. Ka -ku- ka mu "ndikudziwa", "ndikufuna", "ndikumva" kamakokera ku *I am knowing*, *I am wanting*. Aneni ngati *know*, *want*, *believe*, *own*, *belong*, *understand* ndi *need* kawirikawiri satenga *-ing*. *Have* ndi wapawiri: wosonyeza umwini satenga, choncho ndi *I have two children*, koma *I am having lunch* ndi wolondola chifukwa pamenepo akutanthauza kudya.
5. Will pambuyo pa when ndi if. Mu "Ndikadzafika ndidzakuimbirani" ka -dza- kali mbali zonse ziwiri. Chingerezi chimalola *will* mbali imodzi: *When I arrive, I will call you. If it rains, we will plant.* N'chimodzimodzi pambuyo pa *before*, *after*, *until* ndi *as soon as*.
6. Aneni osatsata lamulo la -ed. Ogwiritsidwa ntchito kawirikawiri alipo pafupifupi 200, ndipo palibe njira yachidule. Lowezani atatuatatu, *go, went, gone*. Samalani kwambiri ndi *cost*, *put*, *cut*, *hit* ndi *hurt*, amene sasintha, komanso *seek* amene amapita ku *sought*.

Ngati nkhani ikuyamba ndi nthawi yakale n'kudumphira ku yatsopano pakati pa ndime, dulani mzere pansi pa mneni aliyense m'ndimeyo, muwerenge aneni okhawo motsatizana. Podumpha pamaonekera msanga. Vutoli limakula m'zimangirizo zofotokoza nkhani, chifukwa m'Chichewa tikatchula nthawi koyamba timatha kungopitiriza ndi "n'kupita, n'kumupeza, n'kumuuza" osabwerezanso nthawi. Chingerezi chimafuna mneni aliyense avale nthawi yake.

## Timawu totsatira mneni talakwika

Ili ndilo vuto limene malamulo sathandiza kwenikweni. Mneni aliyense wa Chingerezi ali ndi anzake amene amayenda nawo, ndipo palibe nzeru imene ingakuuzeni chifukwa chake amati *depend on* osati *depend from*. Amene amaloweza liwu lokha, *discuss* ndi "kukambirana", waloweza theka. Lowezani liwu pamodzi ndi kayendedwe kake: *discuss something with someone*.

Mperekezi woonjeza. "Kukambirana za" amabala *discuss about*. Aneni awa amalunjika pa chinthu popanda mperekezi: *discuss the budget, emphasise the point, request a meeting, contact the office, reach Zomba, enter the room, comprise three parts*. Chisokonezo chimakula chifukwa mayina ochokera kwa aneniwa amatenga mperekezi: *a discussion about the budget, an emphasis on the point, a request for a meeting*. Choncho *request for* ndi wolondola akakhala dzina, wolakwa akakhala mneni. Ndi *cope with*, wopanda *up*. Ndi *despite the rain* kapena *in spite of the rain*, koma *despite of* kulibe.

Mperekezi wosowa kapena wosinthidwa. *Listen to, wait for, reply to, explain it to me, accuse of, congratulate on, good at, interested in.* "Kukwatirana ndi" amabala *married with*, koma ndi *married to*. Ntchito ndi *apply for a post*, malo a ntchito ndi *apply to the company*.

Nthawi ndi malo. Pa, ku ndi mu sagwirizana mmodzimmodzi ndi *on*, *at* ndi *in*. Pa nthawi yendani chonchi: ola ndi *at*, tsiku ndi *on*, mwezi ndi chaka ndi *in*. *At 10 o'clock, on Monday, on 6 July 1964, in July, in 1964.* Patsogolo pa *next*, *last* ndi *this* sipakhala mperekezi: *next Monday*. Pa zikalata za ntchito samalani *by* ndi *until*. *By Friday* ndi "pofika Lachisanu", *until Friday* ndi "mpaka Lachisanu". *Submit the report until Friday* akuuza munthu kuti azingoperekabe lipotilo tsiku ndi tsiku.

To kapena -ing. *Enjoy, avoid, finish, mind, consider* ndi *suggest* amatsatidwa ndi *-ing*. *Want, decide, hope, refuse, manage* ndi *afford* amatsatidwa ndi *to*. Chimene chimagwetsa makalata ambiri pa mzere womaliza ndi *I look forward to hear from you*. *To* wa pamenepo ndi mperekezi, choncho ndi *to hearing*. Muyeso wake: yesani kuika dzina pambuyo pa *to*. Ngati *I look forward to the meeting* akumveka, mneni wolowa pamalopo atenge *-ing*. Muyeso womwewu umagwira pa *object to* ndi *be used to*. *Make* ndi *let* safuna *to*: *They made us wait*, ngakhale *We were made to wait* ndi wolondola. Aneni ena amalola zonse koma tanthauzo limatembenuka: *He stopped smoking* wasiya fodya, *He stopped to smoke* waima kuti asute.

Liwu limodzi la Chichewa, awiri kapena atatu a Chingerezi. "Kubwereka" timanena kwa wotenga ndi wopereka yemwe, ndiye *Borrow me your pen* amatuluka yekha. Wotenga ndi *borrow from*, wopereka ndi *lend to*: *Lend me your pen*. "Kumva" ndi *hear*, *feel*, *smell* ndi *understand*, malinga ndi chimene chikumvekacho. "Kukhala" ndi *live* pa malo okhazikika ndi *stay* pa masiku ochepa. *I stay in Ndirande* amamveka bwino kuno ndi ku South Africa, ngakhalenso ku Scotland, koma munthu wa ku London angaganize kuti mukungogonako masiku angapo. Pa fomu yopita kunja lembani *live*.

## Mafunso ndi mayankho sakumveka

1. Dongosolo la mawu. Timati "Mukupita kuti?", liwu lofunsira lili kumapeto. Chingerezi chimaliika koyamba, mneni wothandizira n'kudumphira patsogolo pa mwininkhani: *Where are you going? Why did she leave?* *Why she left?* waperewera *did*.
2. Funso lili m'kati mwa chiganizo china. Apa kudumpha kuja kumathetsedwa. *Please tell me where is the office* akhale *where the office is*. *I asked him what did he want* akhale *what he wanted*.
3. Isn't it paliponse. "Eti?" ndi "si choncho?" amakwanira pa chiganizo chilichonse. M'Chingerezi kafunso ka kumapeto kamabwereza mneni wothandizira wa chiganizocho: *You are coming, aren't you? She left, didn't she?*
4. Yes wotanthauza ayi. Ichi sichichitika kawirikawiri polemba, koma chimavulaza kuposa zonse. Wina akafunsa "Simunalandire ndalama?" timayankha "Eya", kuvomereza kuti sitinalandire. Mngerezi akafunsa *Didn't you receive the money?* n'kumva *Yes*, amamva kuti mwalandira. *Yes* ndi *No* amatsata chimene chinachitika, satsata funso. Musayankhe ndi liwu limodzi. Nenani *No, I didn't* kapena *Yes, I did*. Ku chipatala, ku polisi ndi pa intaviyu, chizolowezi chimenechi chingakupulumutseni ku zambiri. *Do you mind?* nayenso ndi msampha: *Yes* akutanthauza kuti mukukana.

## Chiganizo chachitali chopanda popumira

"Ngakhale kunagwa mvula, koma tinapita" ndi Chichewa chimene timamva tsiku lililonse. *Although it rained, but we went* ali ndi alumikizi awiri pa ntchito ya mmodzi. Chotsani mmodzi. *Because* ndi *so* nawonso sakhalira limodzi.

Chofala kuposa chimenechi ndi kulumikiza ziganizo ziwiri zathunthu ndi mpatuliro wokha: *The meeting started late, many members were absent.* Yesani chigawo chilichonse pachokha. Ngati zonse ziwiri zingaime, pakufunika mpumiro kapena mlumikizi monga *and*, *but* kapena *because*. *However*, *therefore* ndi *moreover* si alumikizi a mtundu umenewo, choncho yambani nawo chiganizo chatsopano: *The funds arrived. However, they were not enough.* Chiganizo chikadutsa mizere itatu ndipo mukulephera kuloza mneni wake wamkulu ndi chala, chiduleni. 

## Mukukayika ngati mawuwo amanenedwadi choncho

Yambani ndi mtanthauziramawu wa ophunzira, ndipo muwerenge zitsanzo, musathere pa tanthauzo. Chilembo T pa mneni chikutanthauza kuti amalunjika pa chinthu, I akutanthauza kuti salunjika. Zikapanda kukwanira, onani mmene anthu amalemberadi m'nkhokwe za zolemba izi, zopezeka pa intaneti:

- British National Corpus ili ndi mawu 100 miliyoni a Chingerezi cha ku Britain, osonkhanitsidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Ndi yabwino pa galamala, koma mawu a masiku ano a mafoni ndi intaneti simuwapezamo.
- COCA, imene anakonza Mark Davies, ili ndi mawu pafupifupi biliyoni imodzi a Chingerezi cha ku America kuyambira 1990.
- GloWbE ili ndi zolemba za pa intaneti zochokera m'maiko 20, kuphatikizapo South Africa, Kenya ndi Tanzania. Imathandiza kuona ngati kanenedwe kena n'ka dera limodzi kapena ka dziko lonse.
- Google Books Ngram Viewer ndi yachangu: lembani njira ziwiri zonenera, muzilekanitse ndi mpatuliro, idzakuonetsani imene imapezeka kwambiri m'mabuku.

Nambala yokha imanyenga. *Request for* adzatuluka kambirimbiri chifukwa cha dzina lija, osati mneni. Tsegulani mizere khumi kapena makumi awiri, muone liwu lili kumanzere ndi lili kumanja. Kufufuza wamba pa Google sikuthandiza kwenikweni apa, chifukwa kumawerenga zolemba za aliyense, kuphatikizapo anthu amene akulakwitsa mofanana ndi inu.

Makina ochonga galamala a mu Microsoft Word kapena Google Docs amagwira bwino *-s* wosowa ndi *did went*. Sangadziwe kuti *he* wanuyo ndi mayi, kapena kuti *damages* munafuna *damage*, poti ziganizozo n'zolondola mwa izo zokha. Onaninso chiyankhulo chimene mwasankha m'makinamo. Chikakhala cha ku America, *programme*, *colour* ndi *organise* adzadulidwa mzere wofiira popanda cholakwa.

## Nthawi yosiya n'kuitana katswiri

- Mgwirizano, wilo, chikalata cholumbirira, kugulitsana malo. Pitani kwa loya. *Shall* amakakamiza, *may* amangopereka chilolezo, ndipo *and* ndi *or* angasinthe amene adzalandire katundu. Musakonze galamala ya chikalata chimene loya walemba kale popanda kumufunsa, ngakhale chikuoneka chokhota.
- Zikalata za viza kapena sukulu ya kunja. Boma la Britain limafuna kuti chikalata chimene sichili m'Chingerezi kapena Chiwelshi chimasuliridwe ndi womasulira amene atsimikize ntchito yake polemba dzina lake ndi tsiku. Kumasulira nokha, ngakhale bwino chotani, sikulandiridwa.
- Malangizo a mankhwala, a anthu kapena a mbewu. Wa ku famase, dokotala kapena mlangizi wa zaulimi aone mawuwo asanafike kwa anthu. *Every two days* ndi *twice a day* akusiyana kanayi.
- Kafukufuku wa digiri. Funsani kaye malamulo a yunivesite yanu pa za kukonzetsa zolemba. Mkonzi akonze chiyankhulo, mfundo zikhale zanu.
- IELTS, mayeso a Chingerezi amene amafunika kwa ambiri opita kukaphunzira kapena kukagwira ntchito kunja. Pa gawo lolemba, galamala ndi chimodzi mwa zinthu zinayi zimene amachonga, ndipo zonse zimalemera mofanana. Ngati mwalemba kawiri osasuntha, musalipirenso mayeso musanapeze mphunzitsi wodziwa kachongedwe kake kuti aone zolemba zanu, chifukwa vuto likhoza kukhala pa kayalidwe ka mfundo osati pa galamala.
- Mwana amene amasinthanitsa zilembo, kudumpha mawu ndi kuvutika kuwerenga m'Chichewa momwe. Limeneli si vuto la Chingerezi, ndipo kumuonjezera ntchito ya galamala kungomufooketsa. Kambiranani ndi aphunzitsi a ana ofunika thandizo lapadera, ndipo maso ndi makutu ake akapimidwe ku chipatala.